Diresi la Pansi pa Sutikesi

Ana a masiku ano ndikawauza kuti inalipo nthawi imene mkazi ankatha kugwidwa chifukwa chovala thalauza, amandiyang'ana ngati ndikuwanamiza. Koma zinali choncho ndithu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 lamulo limenelo linali lidakagwira ntchito, ndipo kubwalo la ndege kunali anthu amene mbali ina ya ntchito yawo inali kuyang'ana miyendo ya akazi ndi tsitsi la amuna. Ine lamulolo ndinkalidziwa bwinobwino, ndinakulira momwemo. N'chifukwa chake nkhani ya ulendo wanga wobwerera kwathu kuchokera ku Norway, ndili mtsikana wa kusekondale, imandichititsabe manyazi mpaka lero, ngakhale imvi zayamba kutuluka.

Tinkakhala ku Kawale, ine ndi amayi anga basi, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kamene khoma lake lakumbuyo linatsamirana ndi la anzathu, moti wina akayetsemula kwawoko ife tinkamva. Bambo anamwalira ndili ku pulayimale. Amayi ankakazinga mandasi n'kumagulitsa pamsika, koma ulemu wawo sunkachokera ku mandasi ayi. Iwo anali mlangizi wa kumpingo. Mtsikana akatha msinkhu, makolo ake ankatumiza uthenga kwathu, ndipo Loweruka masana amayi ankasita bulauzi yawo yoyera, kumanga duku, n'kutsogolera amayi anzawo kukamulangiza mwanayo za kudzisunga, kavalidwe ndi ulemu. Nayenso wofuna kukwatiwa ankadutsa m'manja mwawo. Anali mkazi wamasiye wogulitsa mandasi, koma akamayenda mumsewu ngakhale akazi a mabwana ankawapatukira n'kuwaombera m'manja. Chimenecho ndiye chinali chuma chawo, china analibe.

Ndili Fomu 3, mpingo wathu unapatsidwa mwayi wotumiza mwana mmodzi kukaphunzira ku Norway kwa chaka chathunthu, poti unali pa ubale ndi mpingo wina kumeneko, ndipo iwonso ankatumiza wawo kuno. Mwayiwo unagwera ine. Anthu ambiri anakondwa, koma osati onse. Panali mayi wina, mkazi wa mkulu wa mpingo, amene tinkangowatchula kuti amayi a pakona chifukwa nyumba yawo inali pamene msewu wathu unkakhotera. Nawonso anali mlangizi, wachiwiri kwa amayi anga, ndipo uchiwiriwo sunkawakomera mpang'ono pomwe.

"Mwana wamkazi kumutumiza kwa Azungu yekhayekha?" anatero pamsonkhano wa amayi Lachinayi lina. "Ine ndangonenako. Mudzamuona akutsika ndege, ndudu ili kukamwa, thalauza lili m'miyendo."

Amayi anga sanali munthu wa mikangano, koma tsiku limenelo mtima unawatsogolera. Anaimirira pamaso pa amayi onse aja n'kunena kuti, "Mwana wanga ndamulera ndekha. Adzatsika ndege monga momwe akwerere. Akadzabwera atasintha, ine ndidzasiya kulangiza ana a eni ake." Mawu amenewa sindinachite kuuzidwa ndi munthu, ndinali panja pafupi ndi windo ndikuwadikira kuti tizipita.

Amayi anali ndi diresi limodzi lokha labwino, labuluu la timaluwa toyera, limene ankavala pa maukwati basi. Analitenga n'kupita nalo kwa telala wa pakhonde la golosale, ndipo iye analiphwasula n'kulichepetsa kuti lindikwane ine. Ndinakana, koma iwo anati munthu sakwera ndege atavala yunifomu ya sukulu. Tsiku lonyamuka anandiveka okha, akundikoka m'mapewa ndi kunditembenuza uku ndi uku. "Popita uvale ili," anatero, "pobweranso uvale lomweli, kuti aliyense aone kuti ndiwe yemwe uja."

Popita ndinalivaladi njira yonse. Ndinayenda ndi mphunzitsi wina wachizungu wobwerera kwawo, amene ankasamala za matikiti ndi katundu, ine n'kumangotsatira pambuyo ngati kamwana ka mbuzi. Za mmene katundu amayendera pa ndege sindinaphunzirepo kanthu.

Ku Norway ndinafika nyengo yozizira ili pachimake, chipale chija chimagwa ngati ufa chitakuta paliponse. Kuzizira kwa ku Dedza mu Juni kumene timakudandaula kuja n'kwamasewera. Mayi wa m'nyumba imene ndinkakhala atangoona mawondo anga atatuwa, akugundana pansi pa diresi, anagwira pakamwa, ndipo m'mawa mwake anapita nane kusitolo kukandigulira mathalauza. Ndinakana, ndinalira, ndinamufotokozera m'Chingelezi changa cha kusukulu kuti kwathu zimenezi n'zoletsedwa. Iye anangoti, "Kuno miyendo imatha kuuma, mwana wanga." Masabata oyamba ndinkavala thalauza mkati, siketi pamwamba, ngati munthu wothawa kwawo atavala zovala zake zonse. Anzanga kusukulu sankandiseka mokweza, anthu a kumeneko saseka munthu pamaso, koma ndinkaona. Kenaka siketi ija ndinaisiya.

Ndisaname, thalauza ndinalikonda. Linali ndi matumba. Ndinkatha kupalasa njinga, kuthamangira basi, kukhala pampando osaganiza za mawondo. Koma mawu a amayi sindinawaiwale ngakhale tsiku limodzi. Diresi labuluu linakhala m'kabati chaka chonse likudikira ulendo wake, ndipo nthawi zina ndinkatsegula kabatiyo kungolinunkhiza, poti linali ndi kafungo ka utsi wa kwathu.

Nthawi yobwerera itakwana, chipale chinali chitagwanso mpaka kufika m'mawondo. Diresi lija ndinalichapa, kulisita mpaka mizere kuima, kulikulunga m'pepala, n'kuliika pansi penipeni pa sutikesi, mabuku ndi mphatso zili pamwamba kuti lisakwinyike. Umo ndi momwe amayi anandiphunzitsira. Tikamapita kumudzi ku Ntcheu pa basi sitinkavala zabwino ayi. Tinkavala zakale zoti zimwe fumbi la m'njira, zabwino zili pansi pa chikwama, ndiye tikatsika pa siteji tinkalowa kuseri kwa golosale, kupukuta kumaso, kusintha, n'kulowa m'mudzi tikuwala. Pa basi katundu wako amakhala wako: ikaima, umangomuuza kondakitala kuti akutsitsire. Choncho ndinakonza zonse m'mutu mwanga. Ndiyenda ndi thalauza m'mayiko ozizirawa, ndikafika ku Nairobi, kumene ndinayenera kusintha ndege komaliza, ndikatenga sutikesi yanga, ndikalowa nayo m'chimbudzi, n'kutulukamo ndili mwana wa mlangizi. Ndinadziona wochenjera zedi.

Ulendo unatalika kuposa mmene unalembedwera pa tikiti. Sitima yochokera m'katauni kamene ndinkakhala inachedwa ndi chipale. Ndege yoyamba nayonso inanyamuka mochedwa, ndipo pofika ku Amsterdam, ya ku Nairobi inali itapita kale. Anatisunga, kutipatsa buledi wozizira wa tinyama pakati, n'kutikweza ina tsiku lotsatira. Zonsezi sizinandidetse nkhawa kwenikweni. Ndinkangoganiza za mango ndi ngumbi, poti kwathu inali nyengo ya mvula. Chimene sindinkadziwa n'choti tsiku limene ndinayenera kufika, amayi a kumpingo anadzaza lole ya bambo wina wogulitsa nkhuni n'kupita kubwalo la ndege kukandichingamira, onse atavala chitenje chofanana chimene anachisankha chifukwa cha ine. Anadikira, ndege inabwera, ine mulibe. Abusa atamva pa telefoni kuti ndatsakamira m'njira, analengeza tsiku lina, ndipo ulendo wachiwiri lole inadzaza kuposa poyamba, poti nkhani inali itamveka mpaka ku Biwi.

Ku Nairobi ndinatsika ndege mtima uli m'malo. Ndinafunsa kumene anthu amatengera katundu. Mayi wa pa desiki anatenga tikiti yanga n'kuloza kapepala kamene anamata kumbuyo kwake.

"Sutikesi yako ikupita yokha mpaka ku Lilongwe," anatero m'Chingelezi. "Ukaipeza konko."

"Koma ndikufuna kutengamo chinthu chimodzi chokha."

"Mankhwala?"

"Diresi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumwetulira. "Ukuoneka bwino momwemo," anatero, n'kuitana wotsatira.

Akanadziwa! Ndinabwererapo pa desiki paja, ndinachonderera, ndinagwetsa misozi, mpaka bambo wina wa yunifomu anandiuza mwaulemu kuti ngakhale iyeyo sakudziwa pamene sutikesiyo ili. Ndege ya ku Lilongwe sinkapita tsiku lililonse, ndiye ndinali ndi nthawi yokwanira yoti ndidzitukwane. Ndinazungulira timasitolo tonse ta m'bwalomo. Nsalu zinalipo, zokongola, zokopera alendo, koma ine m'thumba munangotsala timakobidi ta ku Norway timene wogulitsa anatitembenuza n'kundibwezera. Ndinalowa m'chimbudzi n'kuyesa kumanga jekete m'chiuno. Linangobisa matako, miyendo ili pamtunda. Ndinayesa sikafu ya m'khosi. Inali yowonda ngati lamba. Ndinaima pagalasi ndikudziyang'ana, mtsikana wonenepa ndi batala wa eni, m'thalauza lakuda lochindikala, ndipo ndinamva mawu a amayi a pakona ngati aima kumbuyo kwanga. Yotsala inali ndudu yokha.

Ndinakhala pa mabenchi a m'bwalo muja mpaka msana kuwawa, ndikuwerama aliyense wooneka ngati Mmalawi akamadutsa. Ndinaganiza zosakwera n'komwe ndegeyo. Ndinapemphera kuti ichedwenso, kapena mvula igwe yambiri ku Lilongwe kuti anthu asabwere. Chaka chonse ndinkalilira kwathu, koma apa ndinali kupempha Mulungu kuti ndisafike.

Ndegeyo sinachedwe. Ndinakhala pafupi ndi mayi wina wa kwathu konkuno, wa magalasi, wochokera ku msonkhano wa ntchito, atavala suti ya siketi yaitali. Poyamba anandilankhula m'Chingelezi, koma ataona pasipoti yanga nkhope inasintha.

"Iwe ndiwe wa kwathu? Nanga izi?" Analoza miyendo yanga ndi chibwano. "Ukudziwa kumene ukupita?"

Ndinawafotokozera zonse. Anapukusa mutu n'kutsonya. "Mwanawe, mkazi sayenda opanda chitenje m'chikwama cha m'manja. Amayi ako sanakuuze?"

"Nanga inu muli nacho, amayi, mundibwereke?"

"Ine ndavala kale zoyenera," anatero, n'kutsegula nyuzipepala.

Amayi anga anandiuza ndithu, ndipo chitenje anandipatsa. Koma ndinali nditamusiyira mayi wa ku Norway uja monga mphatso yotsanzikira, poti anachikonda ndipo ankafuna aziyala patebulo.

Titayandikira, wogwira ntchito m'ndege anakumbutsa alendo za lamulo la kavalidwe. Apo ndiye ndinaona zondipweteka kuposa zonse. Atsikana achizungu, aja oyenda ndi zikwama zakumsana, anaimirira, aliyense kutulutsa nsalu yake, n'kumamanga mokhotakhota pamwamba pa makabudula awo, akuseka. Iwo anali atawerenga m'mabuku awo a maulendo kuti ku Malawi umafika ndi nsalu. Ine mwini dziko, mwana wa mlangizi, ndinalibe. Ndinadzilimbitsa mtima n'kufunsa mmodzi ngati anali ndi ina yapadera, koma anapepesa.

Ndinatenga kabulangete ka m'ndege n'kukamanga m'chiuno bwinobwino monga timamangira chitenje. Kanafika m'akakolo. Kwa kanthawi ndinapuma. Koma pakhomo potuluka, mtsikana wa m'ndege anandigwira pamkono, akumwetulira monga amachitira, n'kunena kuti bulangete ndi la kampani, silituluka. Ndinamunong'oneza kuti ndikabweza ndikangolowa mkati. Anati pepani. Ndinakamasula pomwepo, anthu akudikira kumbuyo kwanga, ndipo mpweya wotentha wa kwathu unandimenya kumaso.

Bwalo la ndege lathu lili ndi khonde lapamwamba pamene ochingamira alendo amaima, ndipo wotsika ndege ankayenda wapansi poyera, aliyense akumuona. Ndili pamwamba pa masitepe ndinawaona, mzere wa amayi m'chitenje chofanana chachikasu, nyimbo yothokoza itayamba kale, nthungululu zili pamwamba. Anandizindikira nkhope ndisanatsike, anthu a kutsogolo kwanga akundibisabe miyendo. Wina anakuwa dzina langa. Nditaponda pansi anthu aja anamwazikana, ine n'kutsala poyera. Nyimbo sinaleke nthawi imodzi. Inayamba kuthothoka pang'onopang'ono, kuyambira kumene kunaima amayi a pakona, mpaka kunatsala mawu a munthu mmodzi yekha amene anapitiriza kufikira kumapeto a vesi. Mawuwo ndinkawadziwa, anali a amayi anga. Kuchokera pa ndege kukafika pakhomo si patali, koma kwa ine panatalika, ndipo sindinakwezenso maso.

Mkati, ndisanafike n'komwe kwa wodinda mapasipoti, mayi wina wa yunifomu anandikokera pambali.

"Asisi, mwateremu mukupita kuti?"

"Diresi langa lili m'sutikesi, amayi. Mundilole ndikangotenga."

"Katundu ali kutsogolo uko. Kuti mukafike uko muyenera kudutsa pano, ndipo pano simudutsa chonchi." Analankhula mosakalipa, ngati munthu amene wanena mawu omwewo kambirimbiri. "Azungu tingawamvetse. Koma inu? Kwanu n'kuti?"

"Ku Kawale."

"Ku Kawale!" Anaseka. "Ndiye ku Ulayako mwakhalako zaka zingati kuti muiwale?"

Komabe anandichitira chifundo, anatuma munthu kuti akayang'ane sutikesi yanga pa lamba wa katundu. Munthuyo anabwera chimanjamanja. Sutikesi sinabwere, inatsalira kwina m'njira. Apo mayi uja anafunsa ngati panja panali wachibale, anatumizanso uthenga, n'kundilowetsa m'kachipinda ka benchi limodzi.

Amayi anga analowa atavala chitenje chachikasu chija, chatsopano, chosachapidwa n'komwe, chikuchita phokoso akamayenda. Anali ataonda. Chaka chonse ndinkalota za nthawi imeneyi, mmene ndidzagwadire n'kuwapatsa moni ndi manja awiri. Koma mawondo anakana kupinda, ndinangoima ngati chitsa, mawu akutuluka okha. "Amayi, diresi lili m'sutikesi, ndimati ndikasinthe ku Nairobi, ndiye anandiuza kuti..."

"Wafika bwino?" anandidula.

"Ndafika bwino, amayi."

"Chabwino."

Anamasula chitenje chawo. Mkati anali atavala siketi yawo ya pamoto, ija yokazingira mandasi, yothimbirira ndi mafuta, yobooka ndi makala patsogolo, kumbuyo ili ndi chigamba cha nsalu ina. Akazi ambiri amatero, chakale mkati, chatsopano pamwamba, podziwa kuti palibe amene aone. Ndipo diresi lawo labwino anali atapatsa ine. Anandizunguliza chitenjecho m'chiuno n'kumanga mwamphamvu mpaka ndinabanika. Miyendo ya thalauza inkaonekerabe pansi. Pamenepo amayi anga, amene ana a eni ankawagwadira m'Kawale monse, anagwada pa simenti pamaso panga n'kuyamba kupinda thalauza lija, mwendo uwu kenaka uwo, mpaka m'mawondo. Ndinkaona pamwamba pa duku lawo, ndi manja awo a zipsera za mafuta otentha. Ndinalakalaka simentiyo itang'ambika ndilowe. Mayi wa yunifomu uja anayang'ana kumbali.

"Amayi, nanga inu?" ndinatero. "Mubwereke nsalu kwa anzanu."

"Lero sindipempha nsalu kwa munthu," anatero. "Tiye."

Tinatuluka chomwecho, ine m'chitenje cha gulu, iwo m'siketi ya chigamba. Amayi a kumpingo anali atatsika pakhonde paja. Anandipatsa moni mmodzimmodzi, ena anandikumbatira ndi mtima wonse ndithu, koma maso onse ankathawira pansi, kwa ine kuona ngati thalauza likuonekera, kwa amayi kuona chigamba. Mayi wina wachifundo anayamba kumasula nsalu imene anaberekera mwana, koma amayi anamugwira dzanja n'kumukaniza. Amayi a pakona anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Takulandirani, azungu athu," anatero. "Kunenepa kumeneku! Zakuyanjani kumeneko, eti?" Za thalauza sanatchule, panalibenso chifukwa.

M'lole tinakhala pa makungwa otsalira a nkhuni. Popita, ndinamva pambuyo pake, anaimba njira yonse. Pobwerera kunali zii, kupatula mwana amene ankalira ndi mvula imene inayamba titadutsa Kanengo. Thalauza lopindidwa linkandidya kuseri kwa mawondo, thukuta lili kamukamu, koma sindinayerekeze kuligwira. Amayi anakhala chowongoka, manja ataphimba mabowo a siketi, akuyang'ana minda ya chimanga ngati akuiona koyamba. Pofika ku Kawale lole inakanika kulowa mumsewu wathu chifukwa cha matope, ndiye tinatsikira pakona n'kuyenda wapansi, anthu ataima m'makomo mwawo kuti aone wobwera pa ndege. Kunyumba anali ataphika nkhuku ndi mpunga. Anthu anadya, anapemphera, n'kubalalika msanga.

Amayi sanandikalipire. Ndinadikira tsiku limenelo, ndinadikira mawa lake, sabata yonse. Ndikanakonda akanandimenya ndi mthiko, ndilire, zithe. Thalauza lija analichapa okha, kuliyanika m'nyumba osati panja, n'kulipinda pansi pa matiresi. Lamulungu ndinapita kutchalitchi ndi siketi yanga yakale ya sukulu, yomwe inali itayamba kundithina, ndipo ndinakhala kumbuyo kwenikweni. Akuluakulu ankandiyang'ana cham'mbali. Atsikana anzanga ndiwo anandikwiyitsa kwambiri, poti potuluka anandizungulira n'kumanong'ona kuti, "Iwe, thalauza lija ukadali nalo? Tidzabwere tidzayeseko." Ndinawayankha zoti sindingazilembe pano.

Sutikesi inafika patapita masabata, itaphwanyika pakona. Diresi labuluu linali momwe ndinaliikira, mizere ili chiimire. Ndinathamangira nalo kwa amayi ngati ndapeza mboni, kuti aone kuti sindinkanama. Analisisita n'kunena kuti, "Ndikudziwa, mwana wanga." Ndinawapempha kuti tikalionetse kwa amayi a kumpingo Lachinayi. Anapukusa mutu. Anati anthu aja anaona ndi maso awo, ndipo sangasiye zimene anaona n'kumvera diresi.

Palibe amene anawachotsa pa ulangizi. Kumpingo sikunakhale mlandu, abusa sananenepo kanthu. Amayinso sanapite kukatula pansi udindowo. Ndikuganiza kuti mumtima ankayembekezera kuti anzawo aiwala mawu amene analankhula Lachinayi lija, kapena awakhululukira.

Mwezi wotsatira mtsikana wa kuseri kwathu, wa nyumba ya khoma lotsamirana lija, anatha msinkhu. Amayi anamva monga aliyense anamvera. Mwana ameneyo anabadwira m'manja mwawo. Loweruka anachoka msanga pamsika, anasamba, anakoleza makala m'simbi, n'kusita bulauzi yoyera ndi duku. Anaziyala pabedi n'kukakhala pakhonde ndi lichero la nyemba, akusankha, khutu lili kumsewu. Ine ndinakhala pambali pawo ndikuwathandiza. Dzuwa litapendeka tinamva mapazi. Anali amayi a kumpingo m'mabulauzi oyera, amayi a pakona ali patsogolo. Anafika pa mpanda wathu n'kutipatsa moni mwaulemu wonse.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Taswera bwino, kaya inu?"

"Taswera, zikomo."

Anapitirira n'kukhotera kuseri. Posakhalitsa tinamva kuomba m'manja kudzera pakhoma.

Amayi anasankhabe nyemba kwa kanthawi. Kenaka anandipatsira lichero, analowa m'nyumba, anapinda bulauzi ija ndi duku, n'kuziika m'sutikesi yanga yophwanyika, pamwamba pa diresi labuluu. Sanaitanidwenso kukalangiza, ngakhale pamene lamulo lija linachotsedwa pasanapite nthawi yaitali, ana a amayi a pakona n'kuyamba kupita m'tauni atavala majinzi.

Pobwerera pakhonde anandipeza misozi ikugwera m'nyemba. Anandilanda lichero n'kukhala pansi.

"Kodi kumene unali kuja," anandifunsa, "kunkazizira kwambiri?"

"Kwambiri, amayi. Amati miyendo imatha kuuma."

Anapitiriza kutola timiyala n'kumatiponya pabwalo. Kuseri kuja anali atayamba nyimbo, imene nthawi zonse amayi ndiwo ankaitsogolera.

"Ndiye unachita bwino kuvala," anatero. "Pita ukatereke madzi, nyembazi zimachedwa kupsa."